Zojambula zobisala m'mapanga a Chongoni: phunziro la kuwala ndi kutentha

Inu ophunzira a kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, mapiri amiyala si achilendo kwa inu. Ena mudausapo mvula pansi pa thanthwe poweta mbuzi. Kumapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, pansi pa matanthwe otere pali zojambula zakale m'malo okwana 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi mikombero, adajambula ndi Akafula, alenje akalekale. Zoyera n'za Achewa: nyama zotambasula miyendo ngati abuluzi, zokhudza chinamwali, komanso zilombo za Nyau.

Koma ukangofika paphanga, monga ku Mphunzi kapena ku Chentcherere, zojambula zina, makamaka zofiira zozilala, sizioneka msanga. Chifukwa chiyani?

Choyamba ndi diso lako. Ukakhala padzuwa, kabowo kakuda ka pakati pa diso kamachepa mpaka mamilimita awiri kuti kuwala kusachuluke. Ukalowa mumthunzi, kabowoko kamakula, ndipo mkati mwa diso mumafunika mphindi zingapo kuti muzolowere. Ndiye osathamanga ayi. Ima kaye, zidzayamba kutuluka zokha.

Chachiwiri ndi mtundu. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. Utoto wofiirawo uli ndi chitsulo chosakanikirana ndi okosijeni, chibale wake wa dzimbiri, chomwenso chimafiiritsa dothi la katondo. Umameza kuwala kobiriwira ndi kwa buluu n'kubweza kofiira m'maso mwathu. Poti wameza kwambiri, mumthunzi umangofanana ndi mwala. Dothi loyera limabweza pafupifupi mitundu yonse, n'chifukwa chake zojambula zoyera zimaonekera patali.

Nanga zakhalitsa bwanji chonchi? Thanthwe lolendewera pamwamba limatchinga mvula ndi dzuwa. Komanso timbewu ta utoto wofiira n'tating'ono zedi, timalowerera m'timing'alu ta mwala. Utoto woyera umangokhala pamwamba ngati pulasitala, choncho suchedwa kusupuka.

Apa ndiye pali vuto. Alendo ena amathira madzi pa zojambula kuti ziwale bwino pa foni. N'zoonadi, pamalo ponyowa kuwala sikumwazika kwambiri, ndiye mtundu umaoneka wakupsa. Koma madziwo amasungunula mchere wa m'mwala, ndipo akauma mcherewo umapanga timiyala tomwe timakankha utoto n'kuugwetsa. Chithunzi chimodzi, chuma cha makolo chapita.

Moto nawo ndi mdani. Paja tidaphunzira kuti chinthu chikatentha chimafufuma, eti? Mwala sudutsitsa kutentha msanga. Munthu akasonkha moto m'phanga, kapena akatentha tchire posaka mbewa, khungu la mwala limafufuma pomwe mkati mukadali mozizira. Mbali ziwirizi zimakokana mpaka khungulo limasweka n'kugwa pamodzi ndi chojambula. Utsi nawo umasiya mwaye womwe umameza kuwala konse.

Yesani izi kunyumba. Tengani miyala iwiri yosalala. Pa uliwonse jambulani buluzi wa katondo ndi wina wa phulusa lonyowa, ziume. Lowani ndi mwala umodzi m'nyumba masana kuchokera padzuwa, muwerenge masekondi omwe apite kuti buluzi aliyense aoneke bwino. Mwala winawo muziuwaza madzi kamodzi patsiku kwa sabata yathunthu, n'kumalemba zomwe zikusintha. Mubwere nazo zotsatira m'kalasi, tidzafanizire.

Ndipo tsiku lina mukadzapeza chojambula pathanthwe, kaya ku Dedza kaya m'phiri la kwanu, osachikhudza, osachinyowetsa, osalembapo dzina ndi makala. Kauzeni aphunzitsi kapena amfumu.