Kulankhula bwino ndi okalamba ndi gawo la chithandizo

Wokalamba wochokera kwa Nthondo ku Ntchisi kapena kwa Msakambewa ku Dowa amafika pa chipatala atatopa kale ndi zitunda. Phindu la ulendo wonsewo limagona pa mphindi zochepa zimene amakhala ndi namwino. Akapanda kumvana, mankhwala abwino angathe kumwedwa molakwika.

Okalamba ambiri satchula matenda mwachindunji. Amayamba ndi malonje, kenaka n'kunena kuti m'thupi simuli bwino. Bambo wachikulire amene kutaya madzi kukumuvuta sangaulule msanga kwa namwino wamsinkhu wa mdzukulu wake, makamaka chitseko chili chotsekula. Namwino akafunsa mothamanga, amalemba za mutu ndi nyamakazi, vuto lenileni n'kubwerera nalo kumudzi.

Enanso makutu ndi maso zidafooka. Kukuwa sikuthandiza, kumangochititsa manyazi. Chothandiza ndi kuyang'anizana nawo, kulankhula pang'onopang'ono, ndi kuwapempha kuti abwereze okha kamwedwe ka mankhwala. Izi n'zofunika kwambiri pa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene mankhwala ake samwedwa sabata imodzi yokha. Wodwala amene sadauzidwe momveka amasiya akangopeza bwino, ndipo mapeto ake angakhale kufa ziwalo.

N'zoona kuti anamwino ndi ochepa ndipo mizere imatalika. Komabe kunena kuti "Agogo, mwadzuka bwanji?" kapena kuwatchula ndi mfunda wawo, aPhiri kapena Nabanda, sikutenga mphindi.

Achibale nawonso ali ndi udindo. Woperekeza asalande mawu onse: alole wodwala afotokoze yekha, iye awonjezere zoiwalika. Asaiwale buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwalayo akumwa, ngakhale azitsamba.

Ulemu umenewu ndi ufulu wawo. M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, omwe ndi a zaka 60 kupita m'tsogolo. Wokalamba akanyozedwa kapena kubwezedwa osamvedwa, nkhaniyo ikatulidwe kwa mkulu wa chipatalacho, ku komiti yoyang'anira chipatala, kapena kwa ombudsman wa pa chipatala cha boma. Khansala wa dera angathandize kuwalozera khomo loyenera. Namwino wogwira ntchito mwaulemu naye atchulidwe pa misonkhano ya chitukuko, kuti anzake atengerepo chitsanzo.