Msilikali Wopatsidwa Mwaulere

Teremu yatha, pa mpikisano wa chesi wa nyumba zathu zogona, ndinagonja kwa mnyamata wa Folomu 1. Pa kusuntha kwachiwiri iye anandipatsa msilikali wake, ndipo ine ndinadya mokondwa, ndili kuganiza kuti mwanayo walakwitsa. Posakhalitsa mfumu yanga inasowa kothawira, ndipo nyumba yathu inataya chikho chifukwa cha ine.

M'mawa mwake aphunzitsi athu a masamu anandibwereka buku la masewero a akatswiri. M'menemo ndinapeza kuti kayambidwe kotere kamatchedwa gambit, ndipo kamene kanandigwetsa ine ndi King's Gambit. Amalemba motere: 1.e4 e5 2.f4 exf4. Woyera amapereka msilikali dala kuti msilikali wa Wakuda achoke pakati. Kenaka amasuntha kavalo, 3.Nf3, kuti mfumukazi ya Wakuda isaopseze mfumu pa h4, ndipo pambuyo pake amatenga malo a pakati ndi d4. Tsono msilikali uja si mphatso ayi. Ndi mtengo wogulira nthawi ndi malo.

Chimene chinanditonthoza ndi ichi. M'chaka cha 1960, ku Mar del Plata m'dziko la Argentina, Boris Spassky anagonjetsa Bobby Fischer ndi kayambidwe komweka. Fischer anali wa zaka 17, ngati ine. Iye sanangokhala ndi kudandaula, koma anafufuza bwino, ndipo mu 1961 analemba nkhani yonena kuti Wakuda ayankhe 3...d6. Kusuntha kumeneku kumaletsa kavalo wa Woyera kufika pa e5, monga anafikira wa Spassky. Mu 1972, ku Reykjavik, Fischer analanda kwa Spassky ukatswiri wa dziko lonse.

Masiku ano, tikatha kuwerenga madzulo, ndimayala bolodi ndi kubwereza sewero limodzi la akatswiri. Ndimabisa kusuntha kotsatira ndi chala, ndi kudzifunsa kuti, "Ndikadakhala ine ndikadatani?" Masewero anga ndimawalembanso m'kope, makamaka amene ndagonja, pakuti ndiwo amandionetsa pamene ndimafooka.

Anzanga, akulu anati kupatsa nkuika. Munthu akakupatsani msilikali, musafulumire kukondwa. Yambani mwafunsa chimene iye afuna kudzatenga. Teremu ino ndidzakumananso ndi mnyamata uja, ndipo 3...d6 ndaikonzeratu.

Wophunzira wa Folomu 3