Azakhali: Dzuwa la Malawi silitulukira kumbuyo

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24 ndipo ndili pa chibwenzi ndi mnyamata amene akufuna kundikwatira. Pa 6 July ndinasoketsa siketi ya nsalu ya mbendera ya Malawi n'kuvala popita kukaona makolo ake. Vuto n'lakuti telala anaika dzuwa lija kumbuyo, pokhalira penipeni. Nditangokhala pampando, bambo ake, amene kale anali mphunzitsi wamkulu, anati: "Mayi, taimirirani kaye, mwakhalira dziko." Kuyambira tsikulo moni wanga amayankha ndi mphuno. Ndinalakwa chiyani poti anzanga amavala zomwezi ku mpira?

Wothedwa nzeru, Zingwangwa

Mwana wanga,

Ndaseka mpaka tiyi kunditsamwa. Ine ndakalamba ndikudziwa kuti dzuwa limatulukira kummawa, cha kunyanja uko, koma lero ndamva kuti ku Zingwangwa limatulukira kumatako. Ndiye poti siketiyo ndikuidziwa ndi yothina, ukamayenda dzuwalo limatuluka n'kulowa, kutuluka n'kulowa, kucha kakhumi usanafike pa siteji ya minibasi!

Apongozi ako a mawawo usawaone nkhanza. Munthu amene anakhala zaka zambiri akufoletsa ana mmawa uliwonse, mbendera ikukwera pamtengo, nyimbo ya fuko ili pakamwa, iye diso lili pa mwana amene akukoka chingwe kuti nsalu isakhudze dothi, sangaonerere iwe ukuitsindira pa sofa. Mbendera ija inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964, ya Atsamunda itatsitsidwa. Chakuda chija ndi ife anthu a mu Africa, chobiriwira ndi nthaka yathu ndi zomera zake, chofiira ndi magazi a anthu amene anafera ufulu, monga aja anawomberedwa ku Nkhata Bay pa 3 March 1959. Mwina ena mwa iwo anali a msinkhu wako womwewo. Tsono ganiza wekha zimene nkhalambayo inaona pamene unakhala pansi n'kupinda miyendo.

Ndipo lamulo liliko, la 1967, lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act. Limaletsa kunyoza mbendera komanso kuchitira nayo malonda popanda chilolezo cha nduna. Sindikuti apolisi akukudikira pa Ginnery Corner ndi unyolo, ayi, ali ndi akuba okwanira. Ndangoti udziwe. Mwayi wako ndi woti wabadwa mochedwa. Ife tinakula pamene lamulo la 1973 linkaletsa mkazi kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Siketi yakoyo nthawi imeneyo ikanakhala milandu iwiri pa nsalu imodzi.

Usamve ngati ndikuti mbendera isavalidwe. Ivale, mwana wanga, uivale monyadira. Ine mwini ma Scorchers atatenga chikho cha COSAFA mu 2023 ndinamanga duku la mitundu itatu sabata yathunthu, mpaka kutchalitchi anandiyang'ana kawiri. Ana athu a ku Joni ndi ku Mangalande akavala jezi ya Flames amapeza achibale pamsewu popanda kufunsana dzina. Nkhani ndi ya malo. Mitundu itatu ija payokha ndi mitundu chabe, soketsa diresi, mkanda, chipewa, palibe angakufunse. Koma ukangoikapo dzuwa lofiira lija, yasanduka mbendera, ndipo mbendera malo ake ndi kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba: pachifuwa, paphewa, kumutu. Kumene umakhalira, kumene umapondera, ndi zovala zam'kati zimene sizitchulidwa pagulu, kumeneko ayi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ukalamba wa chitenje. Chitenje chathu chimayamba moyo ku chikondwerero, chatsopano, chonunkha sitolo. Pakapita chaka chikuberekera mwana, kenako chikuyalidwa pansi kuyanikapo ufa, mapeto ake thewera kapena chikolopa. Mwezi wathawu ndinapeza mnansi wanga atagwada pakhonde, akukolopa matope a mvula ndi chisanza, ndipo atachifinya ndinaona nsonga za dzuwa zikudontha madzi akuda. Ndinamulanda n'kumupatsa thumba lakale la shuga. Nsalu ya mbendera ikatha, ichape, uipinde, igone pansi pa sutikesi limodzi ndi makadi a sikelo a ana.

Telala wakoyo umuuzenso kuti chakuda chimakhala pamwamba, chofiira pakati, chobiriwira pansi, ndipo dzuwa ndi latheka, lotuluka kumene, la nsonga 31. Lija loyera lathunthu linabwera mu 2010 nthawi ya Bingu wa Mutharika, aphungu analichotsa mu 2012 nthawi ya Joyce Banda. Usakavale mbendera yopuma pantchito.

Koma ndisanaiwale: iwe kwa apongozi, ulendo woyamba, siketi yothina popanda ndi chitenje chomwe pamwamba? Amayi ako anali kuti? Zovala za ku Kamuzu Stadium zimathera pa geti la Kamuzu Stadium.

Tsono chita izi. Siketiyo ibwerere kwa telala aiphwasule, dzuwalo alikweze pa bulauzi, ndipo asakulipiritsenso poti analakwitsa ndi iye. Loweruka lino umange chitenje wamba chofika m'mapazi, unyamule nkhuku, ukagwade pamaso pa aphunzitsiwo n'kunena kuti unachita mosadziwa. Akayamba kukufotokozera mbiri ya 1964, usayang'ane foni, umvetsere mpaka amalize ngakhale nsima izizire. Tsiku la chinkhoswe undiitane, ndidzakhala kumbuyo kwako kuona ngati dzuwa linasamukadi.

Ndine Azakhali ako