Phunziro la Chitetezo Pamsewu: Kusankha Helemeti Yokukwanani Komanso Yoteteza Mutu

Ndine mmodzi mwa akabaza a njinga yamoto kuno ku Dzaleka, ndipo anzanga a pasiteji anandipempha kuti ndilembe phunziro la mwezi uno. Nkhani yake ndi ya chipewa chotetezera mutu, chija tonse timangoti helemeti. Zina mwa zimene ndalemba pano ndinazimva pa maphunziro a chitetezo cha pamsewu, zina ndinaziphunzira ndi mutu wangawu.

Helemeti yanga yoyamba ndinaigula pa kaunjika. Ndinaisankha chifukwa inali yakuda, yonyezimira komanso yotchipa. Inali yaikulu moti ndikacheuka, mutu unkatembenuka helemeti n'kutsala. Lamba wake ndinkangomusiya ali lende, poti ndinkaivalira apolisi a pamsewu basi. Tsiku lina m'nyengo ya mvula ndikuchokera ku Dowa boma, mbuzi inadumphira mumsewu. Ndinamanga mabuleki mwadzidzidzi, tayala la kutsogolo linaterereka, ndipo helemeti inavuka ndisanafike n'komwe pansi. Anakaitola m'munda wa chimanga ili bwinobwino, pamene ine anandisoka kumutu ndipo ndinatha masabata 6 osagwira ntchito. Mwini njinga anaipereka kwa munthu wina, ndipo ana anga ankadya zimene anansi atigawira. N'chifukwa chake nkhani imeneyi sindiitenga mwachibwana.

Helemeti imagwira ntchito bwanji?

Ubongo ndi wofewa, ndipo umakhala m'chigaza mozunguliridwa ndi timadzi. Mutu ukamenyetseka pansi, chigaza chimaima nthawi yomweyo koma ubongo umapitirirabe n'kukagunda fupa m'kati. Pamenepo mitsempha imatha kuduka ndipo magazi amakha m'kati, ngakhale kunja kusakuoneka bala. Ntchito ya helemeti ndi kuchepetsa mphamvu ya kugundako isanafike ku ubongo.

Helemeti yeniyeni ili ndi zigawo 4. Choyamba ndi chigoba cholimba chakunja, chimene chimamwaza mphamvu ya kugunda ndi kutchinga miyala ndi zitsulo zakuthwa. Chachiwiri ndi chotetezera cham'kati, nthawi zambiri choyera, chofanana ndi zija amatchingira wailesi kapena firiji yatsopano m'katoni. Opanga amachitcha EPS. Chimenechi ndicho chimafinyika pa ngozi n'kumeza mphamvu imene ikanafika m'mutu. Chachitatu ndi masiponji ofewa amene amagwira mutu ndi masaya. Chachinayi ndi lamba wa pachibwano, amene amachititsa kuti zinthu zitatu zinazo zikhalebe pamutu panu mukamagwa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2018 kuti kuvala helemeti moyenera kumachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndi chiopsezo chovulala m'mutu ndi 69 peresenti. Mawu akuti "moyenera" muwagwiritsitse. Tsiku limene ndinagwa ndinali nditavala helemeti, koma sinandithandize chilichonse.

Mtundu uti?

Yoteteza kwambiri ndi yotseka mutu wonse pamodzi ndi chibwano, chifukwa munthu akagwa chafufumimba amayamba kugunditsa chibwano, mano ndi mphuno. Yotsegula kumaso imateteza pamwamba, m'mbali ndi kunkhongo, koma nkhope imakhala pamtunda. Palinso ina yokhala pamwamba pokha ngati mbale yovundikira, imene imasiya makutu ndi nkhongo poyera, imeneyo musaidalire. Chisoti cha omanga nyumba anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, ndipo cha njinga yakapalasa anachipangira liwiro lochepa. Zonse ziwirizi sizilowa m'malo mwa helemeti ya njinga yamoto.

Mungadziwe bwanji kuti ndi yeniyeni?

Mahelemeti abwino amayesedwa asanagulitsidwe ndipo amakhala ndi chizindikiro. Chofala kwambiri ndi cha muyezo wa ECE 22.05 kapena watsopano wa ECE 22.06. Fufuzani kansalu kosokeredwa pa lamba kapena m'kati, kokhala ndi chilembo E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira. Nambalayo imasonyeza dziko limene linavomereza helemetiyo: E1 ndi Germany, E2 ndi France, E3 ndi Italy. Pa kansalu komweko chilembo P chimatanthauza kuti mbali ya pachibwano inayesedwa ndipo imateteza, J ndi helemeti yotsegula kumaso, pamene NP ndi yokhala ndi chotchinga chibwano chimene sichiteteza. Zochokera ku America zimalembedwa DOT kumbuyo, ndipo za ku India zimakhala ndi chizindikiro cha ISI.

Komabe kapepala komata aliyense angathe kukasindikiza, choncho gwiritsaninso ntchito manja anu. Kankhirani siponji pambali muone chotetezera choyera chija: chiyenera kukhala cholimbirako ndi chokhuthala pafupifupi masentimita 2 kapena kuposerapo. Mukapeza siponji yofewa yokha ndi pulasitiki, ibwezeni. Inyamuleni m'manja: yotseka mutu wonse imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo yopepuka ngati chidebe chopanda madzi ndi yokayikitsa. Finyani m'mbali mwake. Ikamapindika mosavuta, chigobacho ndi chofooka. Kokani lamba mwamphamvu muone ngati anamukhomerera ku chigoba ndi tizitsulo, osati kungomumata.

Yezani mutu wanu

Pitani kwa telala mubwereke tepi, kapena tengani chingwe mudzachiyeze pa rula. Zungulizani mutu pamwamba pang'ono pa nsidze, pafupifupi masentimita 2, kudutsa pamwamba pa makutu mpaka pamene nkhongo yatundumuka kwambiri. Kwa opanga ambiri, masentimita 55 mpaka 56 ndi saizi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, ndipo 61 mpaka 62 ndi XL. Manambalawa ndi poyambira chabe, chifukwa mitu imasiyana: wina wozungulira, wina wautali. Musatume munthu kukakugulirani helemeti ku Lilongwe popanda muyezo wanu, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikapanda kukukwanani mudzasinthe.

Musanapereke ndalama, chitani izi:

1. Valani. Iyenera kulowa mothinirako pang'ono ndi kukhala mowongoka, m'mphepete mwake muli pamwamba pa nsidze, osapendekera kumbuyo.
2. Mangani lamba mpaka pakati pa lamba ndi chibwano pazingolowa chala chimodzi kapena ziwiri.
3. Igwireni ndi manja awiri n'kuipotoza kumanja ndi kumanzere. Khungu la pamphumi ndi masaya liyenera kuyenda nayo. Ikamazungulira yokha, yakula.
4. Weramani, mnzanu aigwire kunkhongo n'kuikokera kutsogolo ngati akufuna kuivula. Ikavuka, musagule.
5. Yang'anani kumanja ndi kumanzere ndi maso okha muone ngati sikukutchingani.
6. Khalani nayo mphindi 10 kapena 15. Kuthina kofanana mutu wonse n'kwabwino, popeza masiponji atsopano amafewa pakapita masiku. Koma ikamakubayani malo amodzi, monga pamphumi kapena m'mbali, pamsewu idzakupweteketsani mutu ndipo mudzayamba kuivula.

Helemeti yosautsa imathera pa chiwongolero, ndiye ganiziraninso za kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Sankhani yokhala ndi tizibowo tolowetsa mpweya ndi masiponji ochotseka kuti muzichapa. Yoyera kapena yachikasu imaoneka msanga kwa oyendetsa galimoto kusiyana ndi yakuda. Galasi lakutsogolo likhale loyera ndi losakalika, chifukwa limatchinga fumbi, mvula ndi tizilombo. Galasi lakuda musayende nalo usiku.

Nanga ya kaunjika?

Ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira mumsasa muno. Vuto la helemeti yogwiritsidwapo kale ntchito n'lakuti mbiri yake simuidziwa. Chotetezera choyera chija chimagwira ntchito kamodzi kokha: chikafinyika sichibwerera, ngakhale kunja kuzioneka kosalala. Ngati palibe kuchitira mwina, chotsani masiponji muyang'ane m'kati. Mukaona ming'alu, malo ophwatalala, kapena lamba wotha, isiyeni. Helemeti yatsopano yotsika mtengo koma yokhala ndi chizindikiro chenicheni imaposa yakale ya dzina lotchuka. Pasiteji pathu tinayamba chipereganyu cha mlungu ndi mlungu, ndipo aliyense ikafika nthawi yake amagula yatsopano.

Wonyamulidwa nayenso ali ndi mutu

Malamulo a pamsewu a dziko la Malawi amafuna kuti woyendetsa ndi wonyamulidwa onse avale helemeti. Wakabaza aliyense aziyenda ndi yachiwiri, ndipo inu makasitomala muziifunsa musanakwere. Ambiri amaikana poopa thukuta la ena, nsabwe ndi chipere. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Muziyenda ndi kansalu kopyapyala kapena duku loyala pamutu, ndipo ife akabaza tizichapa masiponji ndi sopo n'kuyanika pamthunzi. Amayi omanga tsitsi kapena ovala mpango, mfundo muziitsitsira kunsi kwa khosi ndipo muzichotsa mapini ndi zomangira zolimba. Mwana helemeti ya munthu wamkulu simukwana, ndipo khanda la kumbuyo silikhala ndi chitetezo chilichonse pa njinga yamoto.

Kuisamala

Musaikoleke pa kagalasi koonera kumbuyo, chifukwa chitsulo chake chimaboola chotetezera cham'kati. Musaiyandikize petulo, popeza petulo amasungunula chotetezeracho, ndipo musaipake penti kapena kuiboola. Musaisiye padzuwa tsiku lonse kapena kukhalapo ngati mpando podikira makasitomala. Ikagunda pansi mutu wanu uli momwemo, ntchito yake yatha. Ngakhale isanachitepo ngozi, opanga ambiri amalangiza kuisintha pakatha zaka 5 mukuigwiritsa ntchito.

Ngozi ikachitika

Munthu akagwa, musathamangire kumuvula helemeti, chifukwa akhoza kukhala kuti wavulala khosi. Tsegulani galasi, mugwireni mutu usagwedezeke, ndipo itanani thandizo. Ivulidwe pokhapokha ngati sakupuma kapena akusanza moti angatsamwe, ndipo azichita anthu awiri, mmodzi atagwira mutu ndi khosi. Aliyense amene wamenyetsa mutu akaonedwe kuchipatala. Akayamba kusanza, kuwodzera kwambiri, kusokonezeka, kumva mutu ukuwawirawira, kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, musadikire kuti kuche, ngakhale anadzuka yekha pa malo a ngozi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani zigawo 4 za helemeti ndi ntchito ya chilichonse.
2. N'chifukwa chiyani helemeti imene inachitapo ngozi siyeneranso kuvalidwa ngakhale ikuoneka yabwino?
3. Kasitomala akakana kuvala helemeti, wakabaza achite chiyani?
4. Kodi pasiteji panu mungathandizane bwanji kuti aliyense akhale ndi mahelemeti awiri abwino?

Ntchito ya mlungu uno: aliyense abweretse helemeti yake pasiteji, muyesane awiriawiri potsatira mfundo 6 zija, makamaka yachinayi. Ine ndimaichita m'mawa uliwonse ndisanalize njinga, ndipo chipsera chili pamwamba pa khutu langa lamanzere chimandikumbutsa ndikafuna kuiwala.