Sukulu ya kumtima kwa mwana ndi thumba la banja

Funso

Kholo lina lalemba kuti mwana wake wamkazi wasankhidwa kukaphunzira ku LUANAR, yunivesite ya boma ya zaulimi imene ili ku Bunda, koma mtima wa mwanayo uli pa yunivesite ina ya ku South Africa imene yalonjeza kumulipirira fizi yokha. Khololo likufunsa ngati kuli koyenera kugulitsa malo a banja kuti mwanayo apite kumene akufuna.

Yankho

Sikolashipu, imene ndi thandizo la ndalama loperekedwa kwa wophunzira popanda kubweza, imakhala yathunthu pamene ikulipira zonse zofunika, ndipo imakhala yoperewera pamene ikulipira gawo limodzi, monga momwe zilili pa nkhaniyi. Choyenera kuwerengera banja ndi ndalama zimene zidzatsale pa mapewa ake thandizolo litachotsedwa: malo ogona, chakudya, mabuku, maulendo, chiphaso cholola wophunzira kukhala m'dzikolo, ndiponso inshuwalansi ya zachipatala, imene boma la South Africa limafuna lisanapereke chiphasocho. Zambiri mwa izi zimalipidwa m'marandi chaka ndi chaka mpaka maphunziro atatha, ndipo popeza mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zooneka zokwanira lero zikhoza kuperewera maphunziro ali pakati. Kalata ya sikolashipuyo iyeneranso kuwerengedwa mosamala, chifukwa thandizo lambiri lotere limapitirira pokhapokha wophunzira akakhoza bwino chaka chilichonse.

Kuno kwathu, boma limasenza gawo lalikulu la mtengo wa maphunziro m'mayunivesite ake, ndipo wophunzira wosowa akhoza kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ngongoleyi imalembedwa m'dzina la wophunzira ndipo imabwezedwa akatsiriza maphunziro, choncho mwana ayenera kuimvetsa asanasaine. Amene akupita kunja ayenera kuyamba wafunsa ku National Council for Higher Education, bungwe loona za ubwino wa maphunziro apamwamba, ngati digiri ya kumeneko idzavomerezedwe akadzabwerera.

Chikhumbo cha mwana sichiyenera kupeputsidwa, pakuti wophunzira wokakamizidwa nthawi zambiri salimbikira. Makolo ayenera kumufunsa mofatsa chimene chikumukopa kwenikweni. Ngati ndi phunziro limene silipezeka m'mayunivesite a boma a kuno monga LUANAR, UNIMA, MUBAS, KUHeS, MUST kapena Mzuni, chifukwa chake n'cholemera, ndipo banja lichite khama kufunafuna thandizo lathunthu, monga la Mastercard Foundation, limene limaperekedwa ku University of Cape Town ndi University of Pretoria. Koma ngati ndi kutchuka kwa sukulu kapena kulakalaka kukaona dziko lina, mwanayo adziwe kuti mwayi wotere umachuluka akapeza digiri yoyamba, chifukwa sikolashipu za Chevening ndi Beit Trust zimathandiza Amalawi amene akufuna digiri yachiwiri, ndipo zimayang'ana kwambiri momwe munthu anakhozera digiri yoyambayo.

Pa za malo, langizo ndi lakuti asagulitsidwe. Malo amagulitsidwa kamodzi pamene sukulu imafuna ndalama chaka chilichonse, ndipo zikatha m'chaka chachiwiri mwana amabwerera wopanda digiri, mwayi wa ku Bunda utapita, abale ake aang'ono alibenso chodalira. Makolo ndi mwanayo akhale pansi pamodzi, alembe mtengo wa zaka zonse wa sukulu ziwirizo, ndalama zimene banja limapeza, ndi zofunika za ana enawo. Ngati chotsalacho chingalipidwe ndi zimene banja limapeza mwezi ndi mwezi, ngakhale kwacha itagwanso, mwanayo apite ndi mdalitso wa makolo. Ngati sichingalipidwe, alandire malo a ku LUANAR nthawi yolembetsa isanathe, ndipo makolo amulonjeze kuti adzamuthandiza kufunafuna sikolashipu yathunthu ya digiri yachiwiri.