Kugula kapena kugulitsa ma option a Bitcoin?

Funso: Pa msika wa Deribit ndikuona kuti wogulitsa option amalandira ndalama pompopompo. Bwanji osamangogulitsa?

Yankho: Musathamangire batani la Sell. Wogula amalipira premium, ndalama imene wogulitsa amalandirayo, ndipo zikavuta amaluza yokhayo. Wogulitsa call (option yopindulira wogula mtengo ukakwera) ndiye amasenza chiopsezo: mtengo wa Bitcoin ukadutsa strike (mtengo umene adagwirizana), amalipira kusiyana konseko, ndipo kulibe malire. Ena amati ma option ambiri amatha osapindulira wogula, choncho wogulitsa amapambana kawirikawiri. N'zoona, koma amapata pang'onopang'ono n'kuluza kamodzin'kamodzi. Mu Marichi 2020 mtengo wa Bitcoin udagwa pafupifupi ndi theka m'masiku awiri okha. Zikatere, wogulitsa put (option yopindulira wogula mtengo ukatsika) chikole chake chikachepa, kompyuta imamutsekera malondawo yokha, osamufunsa, ngakhale ali m'tulo, poti msikawu sutseka usiku.