Chilungulira

Anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa amachoka m'mamawa kupita kuntchito, ndipo ena amaswera osadya kanthu. Akafika kunyumba madzulo amadya nsima yambiri mofulumira, nkugona nthawi yomweyo. Pakati pa usiku amadzidzimuka pachifuwa pakutentha ngati moto, kukhosi kukubwera timadzi towawasa. Vuto limeneli ndi chilungulira.

Chakudya chikamezedwa chimadzera kummero nkukafika m'chifu. M'chifumo muli asidi amene amathandiza kugaya chakudya ndi kupha tizilombo. Pamene mmero wakumana ndi chifu pali mnofu umene umatseka ngati chitseko. Mnofuwo ukafooka, kapena chifu chikadzaza kwambiri, asidi amabwerera kummero nkumawotcha. Munthu akagona chigonere, asidiyo savutika kukwera.

Zakudya zina zimautsa chilungulira. Zina mwa izo ndi zamafuta monga mandasi, tchipisi ndi kanyenya, komanso tsabola wa kambuzi. Anthu ena chimawagwira akadya mbatata. Fodya ndi mowa zimafooketsa mnofu uja. Amayi oyembekezera nawonso amamva chilungulira chifukwa mwana amakankha chifu.

Munthu angathe kupewa chilungulira pakudya pang'onopang'ono, kutafuna bwino ndi kusakhuta mopitirira muyeso. Akadya mgonero adikire maola 3 asanagone.

Chilungulira cha tsiku limodzi sichoopsa. Koma ululu wobwerabwera ungakhale chizindikiro cha zilonda za m'mimba. M'chaka cha 1982 madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kachilombo kamene kamayambitsa zambiri mwa zilonda zimenezi. Kachilomboka kali ndi mankhwala ake. Motero munthu amene akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda, akuvutika kumeza kapena akuwonda, asamangomwa soda kunyumba. Apite msanga kuchipatala cha m'dera lake, monga cha Ndirande kapena Chilomoni. Matenda akakula, amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu. Paja akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Matenda ozengereza nawo amavuta kuchiza.

Mafunso

1. Kodi asidi amagwira ntchito yanji m'chifu?
2. Nchifukwa chiyani si bwino kugona mutangotha kudya?
3. Tchulani zakudya zitatu zimene zimautsa chilungulira.
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zimafuna kuti munthu athamangire kuchipatala?